Ndinafunditsa Chiliza Bulangeti

Tsiku limenelo dzuwa linatuluka lili ndi mkwiyo. Mmene inkakwana 9 koloko, nyenje zinali zitayamba kale kulira m'mitengo ya kumanda, kulira kuja koboola m'makutu, ndipo kuseri kwa phiri mathiraki opita ku Mozambique ankabuula pokwera mtunda. Mphepo kunalibe, ngakhale yogwedeza tsamba. Chakumalire mitambo inali itaunjikana, yoyera pamwamba, yakuda kumimba. Linali Lachisanu, kumapeto kwa Okutobala, mvula isanagwe ndi kamodzi komwe. Zonsezi ndimazikumbukira bwino chifukwa munthu akachita chopusa amasunga chilichonse cha tsikulo, ngakhale kulira kwa nyenje, pofuna kupeza wogawana naye mlandu. Ine ndafufuza, koma nyenje zilibe mlandu.

Ndiyambe ndi kunena kuti ndine mkamwini. Ndinabwera m'mudzi muno, kuno kwa Kanduku, zaka zoposa makumi atatu zapitazo kudzakwatira Esinati, mayi a Tadala. Nyumba ndinamanga ndine, mitengo ya manachesi kuseriku ndinabzala ndine, koma dothi ndi la eni ake. Esinati atatisiya, mlongo wake, a Bizaliyele, omwe ndi mwini mbumba, anandiitanira pambali nandiuza kuti, "Alamu, bakhalani. Za inu tidzakamba tsiku la chiliza."

Aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la mawu otere. Chiliza chikamangidwa, abale a mkazi amamusudzula mwamunayo, ndipo ndi iwo onena ngati atsale m'nyumba kapena amange katundu abwerere kwawo. Kwathu ndi kwa Nthache, koma kumeneko makolo anatha kalekale, minda anagawana ana a alongo anga. Ndikanabwerera, ndikanakakhala mlendo wogona pakhonde la ena. Komanso manda a Esinati ali pano, pongoyenda pang'ono kuchokera pakhomo. Sindinkafuna kuchoka.

Choncho chilizacho ndinachiika pamtima. Njerwa ndinaumba ndekha, mchenga ndinatuta ndekha pa njinga kuchokera kudambo. Amfumu atatilola kulowa kumanda, ndinapeza bilidala wodziwika, a Mofati, ndipo anamanga chinthu chokongola, chosalala ngati mbale, dzina la Esinati lili kumutu. Mwambo wovundukula unali Loweruka. Lachisanu lija m'mawa ndi pamene a Mofati anapaka penti womaliza, woyera, wamafuta. Atamaliza anayang'ana mitambo ija, n'kupukusa mutu.

"Madala, penti uyu sakondana ndi madzi. Mvula ikangomudonthera asanaume, atuluka matuza ngati munthu wapsa ndi phala. Tipange kava."

"Tivundikire?"

"Kava, madala. Koma mumve bwino: chinthucho chisagunde penti. Chikhale m'mwamba."

(A Mofati adakhalako ku Joni, ndipo adabwerako ndi liwu limodzi la Chingerezi lomwe amaliponya paliponse. Ife timavundikira mphika, timafolera nyumba, timafunditsa mwana, timakwirira mbewu, timakuta buku, timaphimba kumaso. Iwo zonsezo ndi kava. Ngakhale mnzawo akajomba kuntchito iwo n'kumubisira kwa abwana, amati ndamukava. Masiku awiri amenewo ndinachita pafupifupi zonsezi, mpaka chomalizacho, ndipo palibe chomwe ndinachita bwino.)

Tinazika mitengo inayi m'makona, n'kumangirira pamwamba lona langa lobiriwira, lija ndimayanikapo chimanga. Lili ndi chigamba chachikasu pakati, chomwe Esinati anasoka ndi thumba la feteleza makoswe ataboola. Chiliza chinakhala pansi pake ngati mkwatibwi m'tenti. A Mofati anasamba m'manja, n'kukwera njinga kupita ku boma kukakwera minibasi ya ku Blantyre, komwe kunali ntchito ina. Mawu awo omaliza anali omwe aja: "Chisagunde." Ndikunena izi poyera kuti wina asadzawanamizire. Anandiuza, ndipo ndinamva.

Masana ndinali pakhomo, kuthandiza kunyamula mabenchi a kutchalitchi. Amayi anali kalikiliki ndi thobwa. Cha m'ma 3 koloko bingu linagunda koyamba, nyenje zonse n'kukhala chete. Mtima unandiuza kuti ndikaone ngati zingwe zili zolimba.

Ndinapeza mitengo inayi ili chilili. Lona panalibe.

Ndinayang'ana m'mwamba, mwina mphepo yalikoleka mumtengo. Ndinayang'ana kuseri kwa ziliza zina. Kenako ndinayang'ana zingwe. Zonse zinayi zinali pomwepo, zosadulidwa, zomasulidwa bwinobwino mfundo ndi mfundo. Wakuba amadula chingwe. Womasula mfundo modekha chonchi ndi wachibale.

Dontho loyamba linandigwera padazi.

Ndili ndi zaka zoti sindithamanganso, koma tsiku limenelo ndinathamanga. Pakhomo ndinapeza mphasa zonse amayi atapita nazo kwa a Felesiya, mkulu wake wa Esinati, komwe ankaphikira. Matumba onse anali ndi ufa. Ndinalowa kuchipinda, maso n'kugwera pabedi.

Bulangeti limeneli ndiyenera kulifotokoza. Ndinaligula ku Zobue, tsidya la malire, chaka chomwe Tadala anabadwa, lolemera, laubweya wautali, ndipo pakati pake pali nkhope ya kambuku yaikulu ngati lichero, maso achikasu, kukamwa yasa. Esinati sanalikonde ndi tsiku limodzi lomwe. Ankati munthu wopemphera sagona ndi chilombo pachifuwa. Komabe tinafunda lomwelo zaka zonsezo, ndipo nyengo yozizira iliyonse ankadandaula kuti ndimakoka lonse n'kumusiya msana pamtunda. (Ndinkakana. Pano pabedi ndili ndekha, ndimadzuka nditadzikulunga ngati chikwatu cha usipa, ndiye ndikuona kuti ankanena zoona.)

Ndinalikoleka paphewa n'kubwerera kumanda. Cholinga changa chinali chabwino: kulimangirira pa mitengo ija monga lona. Ndinamanga kona imodzi, ndinamanga yachiwiri. Yachitatu siinafike. Bulangeti la anthu awiri si lona. Ndili mkati mokoka, mphepo ya mvula inafika mwamphamvu, mfundo imodzi n'kumasuka, bulangeti lonse n'kugwa chafufumimba pa penti.

Pamenepo munthu wanzeru akanalinyamula msanga. Pakanatsala timaubweya tochepa tongotola ndi zala. Koma ine ndinaganiza motere: lagunda kale, ndiye bola ligunde bwino. Ndinaliyala, ndinalisalaza ndi manja kuti pasakhale makwinya, ndinapinda m'mbali monga momwe ndinkachitira miyezi yomaliza ija Esinati ali chigonere. Kuti mphepo isalichotse, ndinatola njerwa zotsala n'kusanjika pamwamba. Zinayi m'makona, zisanu ndi imodzi pakati, pankhope ya kambuku penipeni.

Ndinadzimva ndikuyankhula. "Fundani, mayi. Lero lonse ndi lanu."

Kenako mvula inakhuthuka, chizimalupsa chenicheni, fungo la dothi lili guu. Ndinaima pansi pa mtengo wa msuku, madzi akulowera m'khosi n'kutulukira kumapazi, ndikuyang'ana bulangeti lija likumwa madzi. Sindibisa, ndinalira. Pamaliro sindinalire kwambiri chifukwa anthu anali ambiri ndipo panali zoyendetsa. Apa panalibe wondiona, ndipo nkhope inali yonyowa kale.

Ola lisanathe mvula inakata, dzuwa n'kubweranso ndi ukali womwe uja. Bulangeti linayamba kufuka nthunzi. Ndinaganizanso (muona kuti tsiku limenelo vuto langa linali kuganiza) kuti ndikalichotsa lili lonyowa lipaka penti paliponse, ndiye bola liume kaye, ndidzalichotse m'mawa.

Pobwerera ndinadzera kumsewu kuti ndipewe matope a m'dambo. Pamphambano pomwe a Layitoni, mng'ono wake wa a Bizaliyele, amagulitsira makala, ndinaona matumba awo ataunjikidwa bwino, onse ouma, atafunda lona lobiriwira la chigamba chachikasu. M'mphepete mwake munakhala a Layitoni ndi a Bizaliyele, nawonso ouma.

"Alamu, mwanyowatu," anatero a Layitoni.

"Eya, ndanyowa."

"Mvula yake yosachenjeza."

"Yosachenjeza ndithu."

A Bizaliyele ankayang'ana chala chawo chakuphazi ngati achiona koyamba. Ndinaima pang'ono, kudikira kuti mwina wina anena kanthu. Palibe ananena. Nanenso sindinanene. Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo, ndipo mawa lake anthu awiri omwewa ndi amene ankayenera kunena ngati ndikhale kapena ndipite. Ndinawatsanzika n'kumapita, nsapato zikulira chofochofo.

Madzulo Tadala anafika kuchokera ku Blantyre komwe amaphunzitsa, atanyamula nsalu yoyera yatsopano yophimbira chiliza pamwambo. Anafuna kupita kukaona. Ndinati kwada, aone mawa pamodzi ndi anthu.

Loweruka kutangocha ndinanyamula nsalu ija n'kupita ndekha. Ndinachotsa njerwa. Ndinagwira kona ya bulangeti n'kukoka pang'ono. Linalira ngati munthu akung'amba thumba, n'kunyamuka, koma ubweya wake wonse wapansi unatsalira pa penti. Pomwe panali poyera ngati mbale panali pa mawangamawanga, pofiira ndi pakuda, pamanyunyu ngati msana wa mbuzi. Ndinapitiriza kukoka kuzungulira mbali zonse. Nditafika pakati, pomwe ndinasanjika njerwa zija, bulangeti linakana. Linali litalowa mu penti, penti atalowa m'bulangeti, zakhala thupi limodzi kuposa momwe abusa amanenera pa ukwati.

Ndinaponda phazi limodzi pa chiliza, n'kugwira ndi manja awiri, n'kukoka ndi mphamvu zonse za ukalamba wanga. Bulangeti linang'ambika mozungulira. Ine ndinabwerera chambuyo masitepe atatu n'kukhala pansi, phi, pa chiliza choyandikana nacho.

Chinali cha apongozi anga, mayi ake a Esinati.

Muyenera kumvetsa. Amayi amenewa ali moyo, sindinadyepo nawo mbale imodzi. Tikakumana panjira ndinkapatukira kutchire, ngakhale muli chitedze, mpaka adutse. Zaka zonsezo sindinawayang'anepo m'maso. Ndiye m'mawa umenewo ndinawakhalira pachifuwa, miyendo m'mwamba, chigamba cha bulangeti chili m'manja. Ndinadzuka msanga, ndinagwada, ndinaomba m'manja katatu n'kunena kuti, "Pepani amayi, sichinali cholinga." Kenako ndinatembenuka.

Pakati pa chiliza cha mkazi wanga panatsala nkhope ya kambuku, yathunthu, ikundiyang'ana.

Apa ndi pomwe ndikanayenera kupita kukagogoda kwa a Bizaliyele, kapena kudzutsa Tadala, n'kunena zomwe zachitika. Mwambo ukanasunthidwa, kapena tikanangopemphera osavundukula. Anthu akanadandaula za thobwa, basi. M'malo mwake ndinakumbukira kuti a Mofati ankatsuka maburashi awo ndi palafini. Ndinathamangiranso kunyumba, ndinakhuthula koloboyi yense m'kabotolo, ndinatenga chiguduli, n'kubwerera.

Palafini anagwiradi ntchito, koma osati yomwe ndinkafuna. Penti anafewa n'kusakanikirana ndi utoto wa bulangeti. Ubweya womwe unali utaima unagona n'kukhala manyowemanyowe, ngati wa galu wogwera m'chitsime. Kambuku sanasunthe. Kungoti kuchokera m'maso mwake munatsika mizere iwiri yakuda, n'kumaoneka ngati nayenso akulira maliro. Chomwe chinapulumuka ndi dzina la Esinati lokha, kumutu kuja, loyera ngati dzulo.

Belu la kutchalitchi linalira.

Ndinatambasula nsalu yoyera ya Tadala n'kuphimba zonsezo. Ndinaika timiyala m'makona. Kuchokera patali chinkaoneka bwino kwambiri. Sindikudziwa chomwe ndinkayembekezera. Mwina ndinkaganiza kuti pansi pa nsalu zinthu zikonzeka zokha, monga momwe chimera chimamerera pansi pa thumba. Kapena kuti Ambuye abwera 10 koloko isanakwane.

Pakhomo ndinapeza Tadala akundisitira malaya.

"Ababa, mwachiona? Chaoneka bwanji?"

"Chaoneka chosiyana ndi zina zonse, mwanawe."

Anamwetulira, maso ali ndi misozi, n'kunena kuti amayi akanakondwa. (Ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri ndipo ndinkadzitama mumtima kuti sindinama. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti munthu akhoza kunama bodza lalikulu ndi mawu oona okhaokha.)

Tinalowa kumanda pa mndandanda, abusa patsogolo, amayi a kwaya pambuyo akuimba motsitsa. Anthu anabwera ambiri, ena ochokera ku boma, anzake a Esinati a kumsika komwe ankagulitsa manachesi. Titazungulira chiliza, abusa anatsegula buku lawo, n'kuima, n'kununkhiza.

"Kodi wina wabwera ndi nyali?"

Anapitiriza. Ulaliki wake sindinaumve ngakhale liwu limodzi, chifukwa maso anga anali pa nsalu. Dzuwa linali litakwera, ndipo palafini anayamba kulowerera m'nsalumo. Poyamba panatuluka kadontho kamodzi kachikasu. Kenako kachiwiri, pambali pake. Mmene abusa ankati ameni, pansalu yoyera panali maso awiri. Ndinaona mayi wina akugunda mnzake ndi chigongono.

Abusa anaitana Tadala kuti agwire kona imodzi, iwo anagwira inayo. Amayi anakoka mpweya kukonzekera nthungululu. Nsalu inakakamira pang'ono, kenako inanyamuka.

Nthungululu sizinamveke. Mpweya uja unangotuluka m'mphuno. Kunakhala bata loti ndinamva thiraki likusintha giya kuseri kwa phiri. Anthu a kutsogolo anabwerera m'mbuyo, a kumbuyo anakankhira kutsogolo kuti aone. Gogo wina ananong'ona, koma monga mwa anthu osamva bwino, manong'onong'o ake anafika kumsewu: "Chamera ubweya tsiku limodzi. Izi si zabwino izi." Bambo wina anayamba kuseka n'kusandutsa chifuwa, ndipo chifuwacho chinafalikira mzere wonse wa abambo. Abusa anayang'ana kambuku, anayang'ana ine, n'kutseka buku.

Zonsezo ndikanapirira. Koma Tadala anali ataima pomwepo, kona ya nsalu ili m'manja, ndipo sanakweze mawu.

"Ababa, amayi mwawatani?"

Ndinakweza dzanja. Ndinkafuna kuvula chipewa chomwe ndinali nditavula kale, ndiye ndinangogwira dazi.

Titadya, ngakhale ine sindinadye, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo panga, amuna pa mabenchi, amayi pamphasa. Ine anandipatsa mpando pakati. A Bizaliyele anaimirira n'kukonza jekete.

"Alamu, ife takhala nanu bwino. Palibe anganene kuti munamenyapo mlongo wathu kapena kumugoneka ndi njala. Koma tinakusiyirani ntchito imodzi. Imodzi yokha. Lero anthu a ku boma abwerera akuseka mtundu wathu. Ena akuti kumanda kwathu kuli zinthu. Mwina ndi ukalamba, sitikudziwa. Ndiye ife timaona kuti kapena nthawi yakwana yoti mukapume kwanu, abale anu akakusamaleni. Muli ndi mawu?"

Ndinayang'ana nyumba yanga, chitseko chomwe ndinapala ndekha. Ndinayang'ana a Layitoni, omwe ankathyolathyola kamtengo. Lona linali pakamwa panga penipeni. Ndinalimeza.

"Ndinafunditsa ndine," ndinatero. "A Mofati anandiuza kuti chisagunde. Mvula inabwera, ndinatenga bulangeti. M'mawa ndinaona kuti zaonongeka, ndinabisa. Kulakwa ndi kwanga."

Anthu ena pambuyo pake anandiyamikira kuti ndinaonetsa mtima wachikhristu. Sindikudziwa. Mwina sindinafune kuti tsiku la Esinati lithere pa kulozana zala. Mwinanso anali mantha wamba a mkamwini, omwe akhala nane nthawi yaitali moti ndimawasokoneza ndi kufatsa. Mpaka lero sindinathe kusiyanitsa.

A Bizaliyele anali atatsegula pakamwa kuti atseke nkhani, pomwe pamphasa panamveka mawu a a Felesiya. Ndi mkulu wa onse m'banjamo, ndipo sanaimirire, anangotambasula miyendo.

"Alamu, bulangeti limenelija ndi lomwe lija la ku Zobue?"

"Lomwelo, alamu."

"Lomwe Esinati ankabwera kudzandidandaulira chaka ndi chaka mu Juni, kuti mumamulanda iye n'kugona msana pamtunda?"

Amayi angapo anaphimba pakamwa ndi nsalu.

"Lomwelo."

"Muli nalo lina?"

"Ayi."

"Nanga dzulo mwafunda chiyani?"

"Jekete."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa mlongo wawo.

"Iwe Bizaliyele, khala pansi, ukunditchinga dzuwa. Ine dzulo ndimachokera kuchigayo mvula itangokata. Pamphambano paja ndinaona makala atafunda bwino, ali phee ngati ana a bwana. Chigamba chachikasu chija ndinamugwirira ndine Esinati tsiku lomwe ankasoka, ndiye ndimachidziwa. Ndinangoti kapena alamu abwereketsa. Lero ndamva alamu akuyankhula, lona sanalitchule. Ndiye ndati ndilitchule ine."

A Layitoni anasiya kamtengo kaja.

"Makala anafunda lona," a Felesiya anapitiriza. "Mng'ono wanga akanakhala pamvula. Amene anathamanga n'kudzam'funditsa bulangeti lake lokhalo ndi uyu. Kuti anafunditsa mopusa, anafunditsadi mopusa, ndipo palafiniyo ndiye sindikudziwa kuti anaganiza chiyani. Koma ndifunse: m'mudzi muno tichotsemo uti, wofunditsa mopusa kapena wovundukula mochenjera?"

Palibe anatsokomola nthawi imeneyi. Nkhuku inadutsa pakati pa bwalo, n'kuima, n'kupitirira. A Bizaliyele anakhala pansi, anaimiriranso, anakonza jekete lomwe linali lokonzeka kale.

"Nkhani ya kusamuka kwa alamu," anatero, "siinali yofulumira kwenikweni."

"Siinali yofulumira kapena palibe?"

"Palibe, achemwali."

Anandisudzula monga mwa mwambo, kuti ndine womasuka, n'kuonjezera pamaso pa onse kuti nyumba ndi manachesi ndi zanga mpaka tsiku lomwe adzandinyamule. Palibe anaimba nthungululu. Anthu anabalalika msanga, aliyense akufuna kukafotokozera omwe sanabwere. Tadala anakwera minibasi Lamulungu m'mawa atangonditsanzika ndi mawu awiri. Zimenezo zinandipweteka kuposa kuseka kwa mudzi wonse.

Lolemba m'mawa ndinamva odi. Anali a Bizaliyele ndi a Layitoni. A Layitoni ananyamula lona, lopindidwa bwino, lakuda bii ndi makala. Analiika pakhonde. A Bizaliyele anatulutsa m'thumba paketi ya malezala ndi sandipepa.

"Amfumu alola," anatero. "Tiyeni, dzuwa lisanakwere."

Masiku awiri athunthu, madala atatu tinagwada mozungulira chiliza, tikumeta. Ubweya unkachoka pang'onopang'ono, ngati tikupala nkhumba. Tinkayankhula zochepa. Tsiku lachiwiri masana a Layitoni anaongola msana n'kunena kuti, "Pamaliro tinameta ife. Lero tikumeta manda." A Bizaliyele anawayang'ana mwaukali, koma mapewa awo ankagwedezeka. Nanenso ndinaseka, koyamba chichokereni Esinati, ndipo kusekako kunathera kwina, moti onse awiri anayang'ana kumbali mpaka nditamaliza.

Kambuku anachoka yense kupatula diso limodzi lomwe linalowerera mu simenti. A Mofati atabwera anapakanso penti kawiri, akung'ung'udza kuti chiyambire ntchito sanaonepo kava wotere. Kukakhala kouma sipaoneka kanthu. Koma mvula ikagwa, penti akanyowa, disolo limatulukira pang'ono, lachikasu, likuyang'ana kunjira. Ana a m'mudzi amati ndi mlonda wa agogo. Ndinasiya kuwatsutsa.

Patapita milungu itatu, kondakitala wa minibasi anasiya phukusi pa golosale ya pamphambano. Munali bulangeti latsopano, lotuwa, lopanda chilombo chilichonse, ndi kapepala ka Tadala: "Ili ndi lanu. Amayi ali nalo kale."

Mukandifunsa chomwe ndinaphunzira, ndinganene kuti bilidala akati chisagunde, chisagunde, ndiponso kuti chinthu choonongeka sichikonzeka chifukwa wachiphimba ndi nsalu yoyera. Zimenezo ndikuzidziwa tsopano. Koma sindinganene kuti ndinachira. Mpaka pano bingu likagunda chakumalire, ndimapezeka ndaimirira pakhomo, maso akusakasaka chofunditsa, ngakhale penti anauma kalekale ndipo amene ali pansipo samvanso kuzizira.

Lona ndinalichapa katatu, koma silinayere. Chimanga choyamba chomwe ndinayanikapo chinatuluka ngati chadutsa m'uvuni. Alamu anga awiri aja mpaka lero sananenepo kuti pepani, ndipo ndikudziwa kuti sadzanena. Anabwera ndi malezala, n'kugwada nane masiku awiri padzuwa.

Ndinawakhululukira.